Agogo Ankadikira Mvula ya ku Joni

Amayi anandiuza kuti ndilembe za agogo anga, a Selemani, chifukwa arobaini yawo, sadaka ya tsiku la makumi anayi chimwalirireni, yadutsa ndipo achibale amene ali kutali akhala akufunsa za moyo wawo. Anasankha ine poti m'banja mwathu ndine ndinafikako Fomu 4. Sindinalembepo chinthu chachitali chotere, choncho pamene ndalakwitsa akuluakulu andikhululukire. Muli nkhani ina m'kati muno imene amayi sanandipemphe kuti ndiilembe. Ndayesa kuilambalala koma zakanika, chifukwa popanda iyo agogo simungawadziwe.

Mukafunsa aliyense pa kamsika ka pamsewu kufupi ndi Chia, adzakuuzani kuti a Selemani ndi mkulu uja ankaonera kiriketi. Sadzayamba ndi zoti anali mlimi wa mpunga, kapena zoti ankasoka maukonde bwino kuposa asodzi eniake. Kwathu kuno anthu amaonera mpira wa miyendo. Ena amakonda nkhonya, amayi ena amatsatira mpira wa manja. Kiriketi anali wa agogo okha, ndipo mpaka tsiku limene anamwalira sankadziwa lamulo lake ngakhale limodzi.

Ankati akaswali m'mawa n'kumwa phala, amavala kofiya yawo kumutu, kutenga ndodo, n'kuuyamba wa ku tiyirumu ya a Bwanali. A Bwanali anaika dishi pa denga kuti azionetsa mpira Loweruka ndi Lamulungu, koma m'kati mwa sabata kanema ankangokhala. Agogo ankakokera benchi pafupi kwambiri ndi galasi, moti a Bwanali ankadandaula kuti mpweya wa m'kamwa mwawo ukulidetsa. Ankaitanitsa tiyi wopanda mkaka, ndipo kapu imodzi inkawafikitsa masana. Nthawi ya swala ikakwana ankapita ku mzikiti mofulumira, akumusiyira mawu aliyense amene ali pafupi kuti awayang'anire kumwamba.

Munthu akawafunsa kuti masewerawa amayenda bwanji, ankafotokoza mosakayika. Ankati pali anthu ovala zoyera ngati akupita ku mzikiti Lachisanu. Wina amaponya kamwala, wina amatchinga timitengo titatu ndi nkhafi, ndipo otsalawo amangoima m'bwalo ngati akuweta ng'ombe zosaoneka. Ankawayamikira pa chinthu chimodzi, choti amaima kaye n'kupita kukamwa tiyi. Ankati amenewo ndiye masewera a anthu oleredwa, osati mpira umene amuna akuluakulu amagwetsana m'matope akazi awo akuona.

Koma agogo sankaonera osewera. Ankayang'ana mitambo ya pamwamba pa bwalo.

Mwana wawo wamwamuna anali mmodzi yekha, amalume a Yusufu, mlongo wawo wa amayi. Amalume anapita ku Joni zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, atangokhala chaka chimodzi m'banja ndi a Halima a ku Bua. A Halima anabwera kwathu pa chitengwa, ndipo nyumba yawo inamangidwa moyang'anana ndi ya agogo. Zaka ziwiri zoyamba amalume ankaimba foni. Tsiku lina anauza agogo kuti apeza ntchito pa bwalo la kiriketi. Ankatchetcha udzu, ndipo mvula ikabwera masewera ali m'kati, iwo ndi anzawo ankathamanga kukoka malona aakulu kuti aphimbe pakati pa bwalo. Anaseka n'kunena kuti nthawi zina amaoneka pa kanema. Patapita miyezi yochepa foni yawo inasiya kulowa.

Ndiye chifukwa chake agogo ankakhala pa benchi lija tsiku lonse, nthawi zina masiku asanu otsatizana. Oonera kiriketi a dziko lonse lapansi amadana ndi mvula, koma iwo ankaipempherera. Ankati mitambo ya ku Joni ndi yabodza, imada ngati ya kunyanja kuno koma n'kungodutsa. Mvula ikagwadi, osewera n'kuthawa, amuna ovala majasi a mvula n'kutulukira akukoka lona, agogo ankaimirira n'kugwira m'mbali mwa kanema ndi manja onse awiri. Kawirikawiri amunawo ankaoneka patali, ang'onoang'ono ngati nyerere. Kenako pankabwera zotsatsa malonda, agogo n'kukhalanso pansi.

Anyamata ankawaseka. Ankawatcha a kochi, ndipo akalowa ankafunsa kuti achinya zingati lero. Agogo ankayankha kuti akadali kudya nkhomaliro, abwerenso mawa. Zinali zoseka chabe mpaka Loweruka lina pamene mitambo inada bii pamwamba pa bwalo, nthawi ya mpira itakwana. Tiyirumu inadzaza. A Bwanali anawapempha mwaulemu kuti asinthe, agogo anakana n'kukhala chotchinga galasi. Anyamata anayi ananyamula benchi, agogo ali pomwepo, n'kukalitula panja pafupi ndi amayi ogulitsa mandasi. Anthu anaseka kwambiri. Agogo anakhala pamenepo mpaka mpira unatha, kenako anapita kwawo.

Anatha sabata osapondako. A Bwanali anabwera okha kunyumba kudzapepesa, ndipo anagwirizana kuti m'kati mwa sabata kanema ndi wa agogo, koma Loweruka ndi Lamulungu ndi wa mpira. Agogo anavomera, koma ankadandaula kwa amayi kuti mvula siidziwa Loweruka. Anakhulupirira mpaka imfa kuti tsiku limene anawatulutsa lija inagwa, ndipo Yusufu anaoneka iwo ali panja.

Kunyumba ankakangana kwambiri ndi amayi. Kiriketi wa ku Joni amachuluka nthawi ya dzinja, pamene anthu amakhala m'dambo kuwokera mpunga, ndiye munda wa agogo unkatsala m'manja mwa amayi ndi a Halima. Amayi ankati bambo awo akudikira mvula ya eni, ya kwawo ikuwadutsa. Mkangano waukulu unabuka pamene mchemwali wanga anabereka mwana wamwamuna, amayi n'kufuna kuti atchedwe Yusufu. Kwathu mwana amalowa dzina la munthu amene anamwalira. Agogo anakana kulowa m'nyumba mmene munali khandalo mpaka dzina litasinthidwa. Ankati dzinalo lili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo akuligwiritsabe ntchito.

Sindikufuna muganize kuti anali munthu wankhanza. Mwana akalira pafupi nawo ankapisa m'thumba n'kutulutsa mtedza wokazinga. Maukonde a amasiye ankasoka ulere. Agogo ankawatchula a Halima kuti mayi, ndipo anawapatsa chigawo cha dambo chimene madzi amakhalitsa. Ankauza alendo kuti pa anthu onse a pakhomo, mpongozi wawo yekha ndi amene sanataye mtima.

Tsopano ndifike pa nkhani ija.

Amalume atatha zaka zitatu ali zii, bambo wina wa ku Dwangwa amene anabwera kuchokera ku Joni anafika pakhomo. Anati anamva kwa mnzake kuti Yusufu anadwala chifuwa n'kumwalira, ndipo Asilamu a kumeneko anamuika. Mandawo sanawaone, ndipo pepala panalibe, poti amalume ankagwira ntchito ndi dzina la munthu wina. Amayi analira. Agogo anamupatsa mlendoyo tiyi, n'kumuuza kuti a Yusufu ku Joni alipo ambiri.

Alongo awo a a Halima atamva, anatumiza uthenga kuti abwera Lamulungu pamodzi ndi ankhoswe ndi a shehe. Ankafuna kuti sadaka ya amalume ichitike, a Halima akhale eda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wamasiye amadikira, kenako abwerere kwawo ku Bua. Tonse tinkadziwa kuti kuli telala wina ku Dwangwa, amene mkazi wake anamwalira, amene anafunsira mwaulemu kudzera kwa alongo awowo. A Halima anali asanakwanitse zaka makumi atatu, ndipo analibe mwana.

Lachiwiri la sabata imeneyo amayi anandituma kukawapatsa agogo mankhwala a m'maso, chifukwa ng'ala inali itayamba. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinawapeza okha, a Bwanali ali kuseri kukoleza moto. Nditangokhala pansi, mvula inayamba pa kanema. Amuna anatulukira ndi lona, ndipo ulendo uno kamera inawayandikira. Mmodzi anali wamtali, wa phewa lakumanzere lotsika. Amalume nawonso phewa lawo linali lotero kuyambira pamene anagwa mu mtengo wa mango ali mwana. Munthuyo anatembenuka kamodzi, nkhope ili m'kati mwa chipewa cha jasi, kenako kanema anaonetsa zina.

Agogo anandigwira pa mkono mwamphamvu. Masiku onse ankanditcha aphunzitsi pondiseka, koma tsiku limenelo ananditchula dzina.

"Idirisa, wamuona?"

"Eya, agogo."

"Maso angawa achita chifunga. Iwe ndiwe wa kusukulu. Ndi iyeyo?"

"Ndi iwowo, agogo."

Pakona ya galasi panali mawu a Chingerezi, ndipo ndinali nditawawerenga kale. Masewerawo sanali a ku Joni. Anali a ku zilumba zina zakutali kumene kulinso anthu akuda, ndipo anali akale, ongobwereza. Ndinkadziwa zimenezi pamene ndinkayankha. Ine chibadwire ndinali ndisanamuuzepo munthu wamkulu kuti walakwitsa. Ndinaganiza kuti ndi mawu ongomusangalatsa nkhalamba tsiku limodzi. Pobwerera agogo anaiwala ndodo ku tiyirumu, ndipo ankayenda mofulumira moti ndinkachita kuwathamangira.

Lamulungu alendo anafika. Amuna anakhala pa mikeka pakhonde, amayi ndi a Halima chapatali pafupi ndi khitchini. Mlongo wawo wamkulu wa a Halima anayankhula modekha. Anati sakubwera ndi mlandu, ndipo akuthokoza mmene mlongo wawo wasungidwira, koma zaka zikupita ndipo mkazi sangakhale wokwatiwa ndi mphekesera. A shehe ankagwedeza mutu kuvomereza. Anali atayamba kale kufunsa za tsiku limene sadaka ingachitike pamene agogo anandiitana.

Anauza anthu kuti Yusufu anaoneka Lachiwiri, wamoyo, akugwira ntchito yake. Anati ngati maso a nkhalamba sangakhulupiriridwe, nayu mwana wa sukulu amene anali nawo. A shehe anandiyang'ana n'kundifunsa ngati ndinawaonadi amalume anga. Agogo sankandiyang'ana n'komwe, ankangomwetulira kuyang'ana alendo, ngati munthu amene watulutsa chinthu chamtengo wapatali m'thumba. Ndinayang'ana pansi n'kuvomera.

Mlongo wawo wa a Halima anafunsa kuti ngati ali moyo, bwanji saimba. Agogo anayankha kuti foni imabedwa, ndipo munthu amene alibe chotumiza kwawo amachita manyazi. A shehe anati munthu wamoyo sitimuchitira sadaka. Anaonjeza kuti mkazi amene mwamuna wake wamusiya nthawi yaitali ali ndi ufulu wopempha kuti ukwati uthe, koma mawuwo ayenera kutuluka m'kamwa mwa mwini wake. Onse anatembenukira kwa a Halima. Kodi akananena bwanji pamaso pa apongozi awo kuti akumusiya mwamuna amene waoneka masiku asanu apitawo? Anakoka mpango kuphimba nkhope. Alendo anadya n'kubwerera.

Zitatero panadutsa zaka zisanu ndi chimodzi. Telala uja anadikira chaka, kenako anakwatira wina, ndipo ndamva kuti ali ndi ana atatu. A Halima anawokera mpunga, kukolola, kuwokeranso. Ine ndinasiyiratu kupita ku tiyirumu. Kangapo konse ndinatsimikiza mtima kuti ndinena. Tsiku lina ndinawapeza a Halima okha m'dambo, ndinaima pa mzere wa munda mpaka anandifunsa chimene ndikufuna, ndipo ndinati ndabwera kudzabwereka chikwakwa. Chaka chilichonse chikadutsa, bodzalo linkakula, ndipo kulinena kunkavutirako.

Ng'ala itatseka maso onse awiri, agogo sanasiye. A Halima ndi amene ankawatsogolera m'mawa, atagwira nsonga ya ndodo, n'kukawasiya pa khomo la tiyirumu, poti mmenemo akazi sakhalamo. Madzulo ankabwera kudzawatenga. Agogo ankakhala pa benchi kumvetsera Chingerezi chimene sankachimva. Anaphunzira kuzindikira mvula ndi makutu, chifukwa ikagwa phokoso la anthu limasintha ndipo oulutsa amayamba kucheza motopa. Akatero ankafunsa amene ali pafupi kuti akuona chiyani. Anyamata omwe aja amene anawanyamula ndi benchi anali atakula, ena ali ndi mabanja, ndipo sankawasekanso. Ankawauza kuti Yusufu wadutsa, agogo, wanenepa, wakweza dzanja. Agogo ankangogwedeza mutu. Sindikudziwa ngati ankawakhulupirira.

Ine sanandifunsenso za tsiku lija. Anadwala nthawi ya mwera, chifuwa chinawagwira, ndipo anagona masabata atatu. Masana ena ndikuwamwetsa madzi anandigwira pa mkono pomwe paja.

"Aphunzitsi, ndinakufunsani kamodzi kokha, eti?"

"Eya, agogo."

"Munayankha bwino."

Ndinadikira kuti apitirize, koma anatembenukira kukhoma. Ndakhala ndikuwaganizira mawu amenewa tsiku lililonse. Nthawi zina ndimaona ngati ankandithokoza pa zoona zimene ankakhulupirira. Nthawi zina ndimaona ngati ankadziwa kuyambira pachiyambi, ndipo anasankha ine chifukwa ankadziwa kuti sindingawatsutse. Anamwalira Lachinayi lotsatira dzuwa lili pamutu, ndipo tinawaika tsiku lomwelo.

Arobaini itayandikira, amayi anapempha a shehe kuti pa pemphero la duwa atchule mayina awiri, la agogo ndi la amalume. A shehe anati pali umboni umene unaperekedwa pakhonde lomweli, ndipo sunachotsedwe. Anandiitana. Panali amayi, ankhoswe, ndi a Halima atakhala pa khomo la khitchini. Ndinanena zonse, za mawu a pakona ya galasi, za zilumba, ndi zoti nkhope sindinaione. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analowa m'nyumba. A shehe sanandikalipire. Anangoti ndipemphe chikhululuko kwa Mulungu ndi kwa munthu amene ndinamulakwira, ndipo anagamula kuti eda ya a Halima iyambe tsiku la sadaka. Pambuyo pa zaka khumi ndi chimodzi, a Halima anayenera kudikiranso miyezi inayi ndi masiku khumi.

Anasankha kukakhala eda kwa alongo awo ku Bua. Sadaka itachitika, m'mawa mwake ndinawanyamulira chikwama mpaka pamsewu. Katundu wawo yense anali chikwama chimenecho ndi ndowa ya mbale. Tili kudikira minibasi ndinayamba kupepesa. Anandidula asanandiyang'ane.

"Ndinkadziwa, Idirisa. Nkhope yako inandiuza tsiku lomwelo."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ine ndinaliko ku kanemako? Amene anaona ndiwe. Ndinkadikira iweyo."

Minibasi inabwera. Kondakitala anawatchula a Halima kuti amayi, n'kuwauza anyamata kuti asendere akhale akuluakulu. Sanatsanzike, ndipo sindinayembekezere kuti atero.

Amayi anafuna kuti ndilembe kuti agogo anali munthu wopemphera, wolimbikira ntchito ndi wokonda ana ake. Zonsezo ndi zoona ndipo ndazilemba. Amene akuwerenga ku Lilongwe, ku Salima ndi ku Joni komweko adziwe kuti anamwalira ali m'manja mwa abale awo. Ngati pali wina kumeneko amene akudziwa pamene amalume a Yusufu anagona, atiuze, ngakhale kuti amene ankafunitsitsa kumva apita.

Pakhomo pathu tsopano pali nyumba ziwiri zotseka zoyang'anana. M'nyumba ya agogo amayi aikamo matumba a mpunga, ndipo nkhuku ina yapeza polowera pansi pa chitseko, ikuikira mazira pakona pamene pankakhala mkeka wawo woswalira. Pa khoma patsala msomali wopanda kanthu, umene agogo ankakolekapo kofiya. Nyumba ya a Halima sitinaitsegule. Anaisesa bwinobwino asanachoke, n'kumanga chitseko ndi chingwe cha ukonde, ndipo palibe amene walimba mtima kuchimasula. M'khitchini mwawo mafuwa atatu ali pomwepo, phulusa linauma.

Pakati pa khitchiniyo ndi khonde la agogo pali kanjira kakang'ono, kolowa pansi pang'ono, kamene mapazi a munthu mmodzi anakumba popita ndi chakudya katatu pa tsiku. Palibe amene amadutsamo tsopano, chifukwa sikapita kwina kulikonse. Udzu wayamba kukadya kuchokera m'mbali.